Theka la Mvuu

Mkazi wanga atamwalira, anthu anandipatsa zaka ziwiri zoti ndilire mwamtendere. Chaka chachitatu chitangoyamba, amayi a m'gulu lathu la Amalawi opemphera kuno ku Nairobi anaona kuti ndalira mokwanira. Sanandifunse. Ndinangozindikira poona kuti pa mapemphero a mwezi ndi mwezi mpando wa pambali panga unkasungidwa, ndipo nthawi zonse unkagwera munthu mmodzi yemweyo, namwino wamasiye wochokera ku Ntcheu. Tinkapatsana moni, basi. Chimwalirireni mayi a kunyumba ndinali ndisanadyepo awiriwiri ndi mkazi wina aliyense, ndipo ndinkafuna kuti zikhale choncho.

Wotsogolera nkhondoyi anali amayi atcheya a gulu lathu, okhala ku Runda, munthu wamtima wabwino koma wosapirira kuona mnzake ali yekha. Iwowa ndiwo anakonza ulendo wa ku paki ya zisangalalo, kuja kuli akatungwe a magetsi ndi kasitima kothamanga m'malere. Chakudya analipiriratu. Titangolowa pa geti, anatulutsa envulopu ya makuponi.

"Makuponi afika!" anakuwa amuna awo, bambo wonenepa wokonda nthabwala. "Aliyense thumba limodzi la chitowe, osadutsa mzere!"

Tinaseka tonse, popeza Mmalawi akamva kuti kuponi amaganiza za feteleza. Koma awa anali a mtundu wina. Kuponi iliyonse inali ya anthu awiri, yojambulidwa nyama pakati, ndipo amayi atcheya anali atazing'amba kale pawiri. Ku lesitilanti sakupatsa kanthu mpaka zidutswa ziwirizo zitalumikizana, ndipo chakudya chimabwera m'mbale imodzi yaikulu.

"Ndachita izi kuti pasapezeke wodya yekha," anatero, akundipatira changa ndi manja awiri.

Changa chinali ndi mutu wa njiwa. Sindinaganize kanthu kufikira pamene ndinaona anamwino akupinda chawo, mchira wa njiwa uli poyera. Ndinavala magalasi n'kuwerenga timalemba ta m'munsi. Inali kuponi ya chakudya cha okondana, chobwera ndi keke ndi nyimbo.

Mbale imodzi, keke, nyimbo, pamaso pa gulu lonse. Kwathu chimenecho n'chinkhoswe chopanda ankhoswe. Ndinadziwa kuti dzuwa lisanalowe zithunzi zikhala zitafika pa mafoni a alamu anga ku Zomba.

Ndinakhala pa benchi n'kupemphera mumtima. Yankho linabwera ngati jekete.

"Akulu ampingo, inu simukwera nawo kasitimaka?" anafunsa amuna a amayi atcheya.

"Ine kumwamba ndidzakwera kamodzi kokha, achimwene."

"Ndiye tandigwirirani jeketeyi, ndingaisanzire."

Kasitima katawanyamula, ndinamva mawu awo ali m'malere akuitana amayi awo omwe anawabala. Kuponi yawo inkasuzumira m'thumba la pamtima. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Lamulo limati usabe, koma ndinalizungulira mbali zonse osapeza pamene limaletsa kusinthanitsa. Ndinalowetsa mutu wa njiwa, n'kutulutsa mbuyo ya mvuu.

Nzeru yanga inali yotere. Amayi atcheya sakanalola amuna awo kudyetsana keke ndi anamwino, komanso iwo sakanadya mbale imodzi ndi ine. Mapeto ake akanagamula kuti amayi adye okha, abambo tidye tokha, nkhani n'kuthera pomwepo popanda wochita manyazi. Ndinabweza jekete ndi nkhope ya pa mgonero.

Nthawi ya nkhomaliro tinasonkhana mu lesitilanti. Mtsikana wa pa kauntala ankaitana nyama imodziimodzi m'Chiswahili, eni ake n'kuimirira.

"Kiboko!"

Imeneyo ndi mvuu. Ndinaimirira mwaulemu, ndikudikira kuti amayi atcheya adzidzimuke. Anadzidzimukadi, koma osati chifukwa cha ine ndekha. Mbali inayo kunaimirira anamwino, mutu wa mvuu uli m'manja.

Amayi atcheya anatsegula chikwama chawo mofulumira, n'kutulutsa mchira wa njiwa. Amuna awo anapisa m'jekete, n'kutulutsa mutu wake. Anayang'anana. Kenako onse awiri anatiyang'ana ife.

Mtsikana uja analumikiza mvuu yathu, nadinda, natilozera tebulo la pakona. Tinakhala pansi ngati anthu odikira dokotala.

"Abambo," anamwino anayamba monong'ona, "mvuuyi mwaitenga kuti?"

"M'jekete, mayi. Nanga inu?"

"M'chikwama cha amayi atcheya. Anandigwiritsa pokajambulitsa ndi ngamila."

"Ndiye kuti tathawana mpaka takumana."

"Inu akulu ampingo athunthu, kupisa m'thumba la mwini!"

"Ndimati ndikupulumutseni ku miseche."

"Musaname, mumadzipulumutsa nokha. Inenso chimodzimodzi. Ndaikidwa pambali panu miyezi isanu ndi umodzi ngati maluwa a pa guwa, ndatopa nazo."

Ndisanayankhe, kukhitchini kunatuluka antchito anayi ndi ting'oma, wina atanyamula keke yothetheka moto. Analunjika pa tebulo la amayi atcheya, nawazungulira, nayamba kuimba. Lesitilanti yonse inaomba m'manja, ngakhale anthu osatidziwa. Wotsogolera nyimbo anapereka foloko kwa bambo aja n'kuwalozera pakamwa pa akazi awo.

"Tsegulani, mayi, n'zolipiridwa kale!" anatero bambowo, chimwemwe chili tsaya. "Zaka zonsezi simunandikonzereko zotere."

"Tandisiyani inu! Si zathu izi!"

"Si zathu bwanji? Njiwa ndi iyi, mutu ndi mchira."

Mafoni onse a gulu lathu anali m'mwamba. Amayi atcheya anameza keke, natembenukira kwa ine, kirimu ali pa mlomo.

"Akulu ampingo, tidzakambirana."

"Ambuye akalola, mayi."

Anamwino anali ataphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Inenso kuseka kunanditulukira m'mphuno, mtundu wa kuseka umene ndinali nditauiwala.

Mbale yathu inafika: tchipisi, nkhuku yootcha, ndi saladi ya tomato ndi anyezi. Mtsikana uja anationa mmene takhalira motalikirana, nandifunsa ngati abweretse mbale yachiwiri kuti tigawane. Funso lake linali lomwe ndinalimbanira m'mawa wonse, ndipo tsopano linangobwera laulere.

"Itanitsani, abambo, sindikhumudwa," anamwino anatero, kuseka kutatha. "Inenso nthawi ya kudya ndi imene ndimawasowa kwambiri bambo a kunyumba. Ndimadya choimirira kukhitchini kuti ndisaone mpando wawo."

Ine ndinkadya ndikuyang'ana khoma kunyumba kwanga ku Kahawa, ndipo ndinali ndisanauzeko munthu. Mtsikana anali chiimire, akudikira.

"Musavutike, mwana wanga," ndinamuuza. "Imodzi yomweyi yakwana."

Ndinasendeza mpando pang'ono, n'kunena kuti tipemphere. Ndinathokoza chifukwa cha chakudya, ndinapempherera amayi atcheya ndi banja lawo, ndinaulula za jekete mosatchula dzina la chovalacho. Mwina ndinatalikitsa. Nditatsegula maso, ntchafu yaikulu ya nkhuku inali itachoka kale m'mbale, ndipo anamwino anali akutafuna, maso ali otseka.

"Ameni," anatero.