Nyuzipepala Imene Ndinawerengera Msuweni Wanga

Msuweni wanga anakhalapo wapolisi, koma wa pa kanema. Linali sewero lanthabwala la polisi ya kumudzi yopanda galimoto, iye n'kukhala konsitabulo wothamangitsa mbava pa njinga yakuphwa matayala. Eni sewerolo anamupeza pa Senga Bay pompano akuseketsa anthu ogula usipa, n'kupita naye ku Lilongwe. Lamlungu lililonse masana tinkadzazana m'kanyumba ka vidiyo, kuseka mpaka nthiti kuwawa.

Ndiye wina wa ku tawuni analemba za sewerolo m'nyuzipepala, m'Chingerezi. Onse anawatama kupatula iye. Akuti konsitabuloyo sayankhula, amakuwa ngati akuitana munthu kutsidya, ndipo chigawo chachiwiri chingakome popanda iye. Koma abale, munthu wokulira m'bwato, woitana anzake mwera ukuwomba, anong'one bwanji?

Ine ndine mphunzitsi, za Chingerezi zonse za pabanja pathu zimadzera kwa ine. Nyuzipepalayo msuweni wangayo, atabwerako ku Lilongwe, anabwera nayo yekha pamene azimayi ankayanika usipa pa thandala. Anali ataona chithunzi chake m'menemo, akungomwetulira kuti mwee.

"Mkazi wanga, tandiwerengera. Anditama chiyani mabwanawa?"

Kwathu kuno msuweni ndi wonyozana naye. Timatchulana mkazi wanga, mwamuna wanga, ngakhale pamaliro timagemulana, ndipo wokwiya ndiye wopusa. Tsono ine, ndi mutu wangawu, ndinakwera pa benchi, n'kumasulira liwu ndi liwu, kuthirako ndi tsabola yemwe. Azimayi aja anaseka, wina mpaka kukhala pansi mumchenga. Iyenso anaseka, kuposa tonsefe. Kenako anaipinda bwinobwino nyuzipepala ija, kuika m'thumba la malaya, akuti akukasoka ukonde.

Ndinaiwala kuti chipongwe cha pachisuweni chimakoma chifukwa n'chathu, timachipeka tokha. Ichi chinali cha mlendo, ine ndinangochibwereka pakamwa panga.

Patapita miyezi eni sewero aja anamuimbira foni kuti abwerere, oonera akumufuna. Anakana. Anaimbanso, anakananso. Nditamva ndinathamangira kwake, ndinamupeza akuphwanya nkhuni kuseri.

"Iwe, wapenga? Dziko lonse likukufuna, ukane chifukwa cha munthu mmodzi?"

"Uja sindimudziwa, angalembe zimene akufuna," anatero osandiyang'ana. "Koma iwe unawerenga ngati ukugwirizana naye."

Ndinalumbira, ndinalira, ndinamuuza kuti ndinkangocheza. Anavomera ndi mutu, n'kupitiriza nkhuni zake.

Chigawo chachiwiri chinatuluka ndi konsitabulo wina, woyankhula mofatsa. Sindinachionere, mtima unkandiwawa. Msuweni wanga anabwerera kunyanja, ndipo sanandikalipirepo ngakhale kamodzi. Bola akanatero. Tikakumana pamsika amavula chipewa, n'kundipatsa moni wa manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"