Tawerenga Nsawa, Osati Ana

Lamulungu, 6 Okutobala 1957

Ndakhala pakhonde la amayi, msana ndatsamira chipupa, kabuku aka kali pabondo. Dzuwa lapendeka koma kukadatentha. Pambali panga pali nsengwa yomangidwa m'nsalu, ndipo nkhuku ziwiri zakhala zikuizungulira kuyambira masana. Ndikufuna ndilembe zonse kuyambira tsiku lomwe ndidachoka, kuti mawa mawu asakandithawe monga amachitira ndikaima pamaso pa munthu wamkulu.

Ndidachoka pamudzi pano, mbali ya ku Zemba, zaka zitatu zapitazo, nditangomaliza Sitandade 2. Sukulu yathu ya udzu imathera pomwepo. Kudabwera kalata yochokera ku Mufulira, kwa akulu anga a Rabeka, yoti achira bwino ndipo akufuna wowalerera mwana. Adalembamonso kuti kumigodi sukulu zili paliponse. Amayi adandifunsa tili kumunda: "Zelipa, upita?" Ine ndidangoyang'ana khasu. Kwathu kuno mtsikana akakhala chete amati wavomera. Komanso sindinganame, mtima udali utatsogola kale chifukwa cha mawu aja oti sukulu.

A Mwale, aphunzitsi athu, ndiwo adandipatsa kabuku kanga koyamba. "Iwe pakamwa pako mpolemera," adatero, "ndiye uzilankhula ndi pensulo."

Pamodzi ndi anthu ena opita kumigodi tidayenda pansi mpaka ku Chadiza, kenaka lole mpaka ku Foti Jemisoni, kenaka lole ina ya fumbi masiku angapo, pomaliza sitima. Ndidafika tsitsi lili lofiira ngati la chimanga. Alamu anga atandiwona adaseka. "Mwatitumizira mlamu kapena chulu?"

Chomwe chidandidabwitsa kukomboni ndi chakuti chilichonse chidali ndi nambala. Nyumba zidali ndi nambala pachitseko, amuna adali ndi nambala za kuntchito, ndipo mwana akabadwa ankathamangira kukamulembetsa ku ofesi kuti phoso la pabanja liwonjezeke. Ndidawafunsa akulu anga ngati sakuopa kumuwerengetsa mwana wakhanda chonchija. Alamu ndiwo adayankha: "Kuno, mlamu, mwana wosalembedwa sadya."

Sadya, komanso saphunzira. Titapita kusukulu ya kukomboni, adatsegula buku n'kupeza kuti panyumba pa alamu padalembedwa mwana mmodzi yekha, wakhanda uja. Ine ndidali mlendo chabe. Adati mabenchi adapangidwa molingana ndi ana a m'buku, ndiye ndidikire chaka chamawa. Chaka chamawacho adatinso chimodzimodzi.

Choncho ndidalera mwana wa akulu anga, ndipo atayamba kuyenda ndidakalowa ntchito yochapa matewera kwa mayi wina, mkazi wa kalaliki wa pamgodi. Malipiro ake adali ochepa. Ena ndinkapereka panyumba, otsala ndinkagula sopo ndi mchere n'kupatsira aliyense wopita kumudzi. Kumpopi atsikana ankalankhula Chibemba, ndipo ndikatsegula pakamwa ankabwereza mawu anga mokoka n'kumaseka. Sadali oipa mtima, koma ine ndidasiya kutsegula pakamwa. Padali masabata ena omwe munthu yekhayo amene ndidacheza naye adali mwana wosadziwa kuyankha.

Chomwe chinkandisunga ndi makalata. Amayi sadziwa kulemba, ndiye ankanena mawu, a Mwale n'kumalemba. Za bambo munalibe, poti iwo adachona ku Halale ndili wamng'ono. Munkakhala za mvula, za mbuzi, ndiye kumapeto: "Kwa a Naphiri kwabwera mlendo wamkazi." Kalata ina: "Kwa a Nabanda kwabwera mlendo, ndipo watuluka m'chikuta bwino." Mlendo aliyense ndinkamulemba m'kabuku kanga, dzina lake likadziwika n'kuwonjezerapo. Ndikasungulumwa ndinkatsegula tsambalo n'kumayenda m'maganizo nyumba ndi nyumba, kuyambira kumkuyu mpaka kudambo. Ndinkalembanso ana a anthu akwathu obadwira kukomboni, chifukwa amayi awo onse ankanena chimodzi: "Uyu mano akangoyamba kugweruka, apita kwa agogo ake. Kuno angakule wopanda mwambo."

Ndidabwerera chaka chino anthu akukolola. A Mwale adalemba kuti ku Chadiza kuli malo mu Sitandade 3 ngati ndingamagone kwa azakhali anga, alongo awo a bambo. Ndidapempha kuti andilole kubwerera, ndipo aka kadali koyamba kuti ndipemphe kanthu ndi pakamwa panga. Akulu anga adanyinyirika, koma alamu adati, "Msiyeni apite. Akadzakhala mphunzitsi azidzatilembera makalata aulere." Tsopano ndine wamkulu kuposa onse m'kalasi, ndimakhala benchi yakumbuyo, ndipo Loweruka ndimabwera kuno kwa amayi.

Pafupi ndi azakhali pamakhala a Tembo, kalaliki wa khonsolo, aja amayenda panjinga ndi buku lalikulu lomangirira kumbuyo. Milungu iwiri yapitayo adandipeza ndikusesa pabwalo, nandifunsa kwathu. Nditatchula mudzi wathu adapukusa mutu.

"Mudzi uja ukutha, mwana wanga."

Ndidaima ndi tsache m'manja. Iwo ataona nkhope yanga adandifotokozera bwinobwino. Khonsolo ikufuna kumanga sukulu imodzi ya njerwa yofika Sitandade 4 chilimwe chikudzachi. Njerwa ndi malata zilipo za sukulu imodzi yokha, ndiye ayenera kusankha: kwathu kuno, kapena tsidya la mtsinje.

"Akuluakulu safunsa za ana omwe ali m'kalasi lero," adatero. "Amafunsa kuti zikadzatha zaka zisanu, ndi angati adzafune benchi. Ndiye ine ndimalemba oyamwa, okwawa ndi othamanga opanda malaya, kenaka timaganizirapo omwe azibadwa chaka ndi chaka. Kwanu ndidayenda nyumba zonse. Ana aang'ono sadakwane ndi zala za manja awiri. Amuna ali kumigodi. Pepala likuti sukulu ipite kutsidya."

Ndidapempha kuti andionetse nyumba ya amayi. Adatsegula. Padalembedwa mwana mmodzi, a Rabeka, ndi mawu oti adapita. Ine panalibe. Mng'ono wanga Dorika, yemwe ali Sitandade 1, panalibe. Pa a Naphiri, omwe ndikudziwa alendo awo awiri ndi maina omwe, padalembedwa kuti alibe mwana wamng'ono.

"Buku ili lalakwa, bambo," ndidatero, ndipo ndidadabwa kumva mawu anga.

Iwo sadakwiye. "Buku limalemba zomwe lauzidwa. Khonsolo ikhala Lachitatu la sabata yachiwiri ya Okutobala. Ukandibweretsera chinthu chogwirika lisanafike tsikulo, ndidzachionetsa. Koma mawu okha ayi."

Loweruka lake ndidawafunsa amayi tikuchokera kuchitsime. Adatula mtsuko, nakonza nkhata yomwe sinkafunika kukonza.

"Ana sawerengedwa, Zelipa. Si mbuzi."

"Koma amayi, ku Mufulira amawerenga onse, ndipo ali moyo."

"Ku Mufulira nkwa eni ake. Iwe udali usanabadwe pamene kudabwera wina wa buku ngati yemweyu. Ine ndi uchitsiru wanga ndidamuuza kuti ndili ndi atatu, ndikumwetulira. Chikuku chidabwera mvula isanagwe. Adatsala Rabeka yekha." Adasenzanso mtsuko. "Chiyambire pamenepo, munthu wa buku akafika, ine ndili ndi mmodzi, ndipo adapita."

Ndidadziwa kale kuti kumanda kuli achimwene anga awiri, koma sindidadziwe kuti amayi akhala akudziimba mlandu zaka zonsezi. Ndidazindikiranso kuti si iwo okha. A Tembo atangoonekera panjinga, ana onse adatumidwa kudambo kukafuna nkhuni. Pankhani imeneyi amayi a kutchalitchi ndi amayi a kugule sasiyana ngakhale pang'ono.

Tsiku lomwelo amayi adandionetsa kalata yatsopano ya akulu anga. Ali ndi pathupi pena, ndipo akupempha Dorika akadzamaliza Sitandade 2. Alembamo kuti kumigodi sukulu zili paliponse. Azakhali sangasunge awiri, ndipo mtsinje wathu ukadzaza miyezi ya mvula mwana sangawoloke. Amayi adati, "Sukulu ikadakhala pano sindikadamupereka. Koma akhalira chiyani?" Dorika adali pomwepo akusewera ndi timiyala, atakhala chete monga ndidakhalira ine.

Sabata yonse ndidaganiza osapeza njira. Dzulo ndidapeza amayi ambiri atakhala pansi pa mango kwa a Nambewe, azamba athu, akusenda nsawa za mbewu poti mvula yayandikira. A Nambewe ndi mayi wa nthabwala, ndipo mwana aliyense pamudzi pano adayamba kugwidwa ndi manja awo.

"Bwera kuno, dona wa ku Mufulira," adandiitana. "Kapena zala zidafewa ndi sopo?"

Ndidakhala n'kuyamba kusenda. Patapita nthawi ndidatulutsa kabuku n'kunena kuti ndili kutali ndinkalemba alendo onse a pamudzi pano. Adafuna kumva. Ndidayamba: "Woyamba, Tiyanjane wa a Naphiri. Wachiwiri..."

"Leka!" a Nambewe adandigwira dzanja. "Dzina tchula, koma nambala isiye komweko."

Ndiye ndidangotchula maina. A Nambewe, mwa masewera awo, dzina lililonse ankaponya nsawa imodzi m'nsengwa n'kunenapo kanthu. "Ameneyo adandisunga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa." "Ameneyu adabwera ndi mutu wa bambo ake, ndidamva chisoni." Amayi onse ankafa ndi kuseka. Nditamaliza ndidayang'ana m'nsengwamo. Pansi pake padali patabisika.

Ndidafunsa motsitsa kwambiri, mwakuti adandiuza kuti ndibwereze: "Kodi nsawa zikawerengedwa zimafa?"

Kenaka a Nambewe adaomba m'manja. "Tamverani mwanayu! Nsawa ine ndimawerenga tsiku lililonse, ndipo zimangothera m'kamwa mwa amuna anga!"

Ndidawafotokozera za sukulu, za njerwa, za mabenchi a ku Mufulira opangidwa molingana ndi buku. Sindidalankhulepo nthawi yaitali chotero chibadwire. A Nabanda adafunsa kuti nanga a khonsolo akabwera nazo za msonkho? Ndidati ana sakhoma msonkho, komanso nsawa ilibe dzina. A Naphiri adafunsa za omwe sadafike, poti za pathupi munthu sanena pagulu. A Nambewe adatola nsawa yosasenda n'kuikweza m'mwamba.

"Uyu ali m'chikuta chake, sadatuluke. Aliyense yemwe ali ndi mlendo m'njira aponye ya m'makoko. Kaya ali m'mimba, kaya ali kumigodi akudikira mano kugweruka, onsewo ali m'njira. A kalaliki sayenera kudziwa njira yake."

Lero titatuluka m'tchalitchi tinaika nsengwa yopanda kanthu m'nyumba mwa a Nambewe, yophimbidwa ndi nsalu. Mayi aliyense amalowa yekha, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa nsaluyo: yosenda ya mwana aliyense yemwe sadafike pomaliza Sitandade 2, ya m'makoko ya yemwe ali m'njira. Palibe amene waona za mnzake. A kugule anabweranso, atamva kwa a Nambewe. Ena awiri anakana, ndipo sitinawaumirize.

Amayi anga analowa pomaliza, ndipo anakhalitsamo. Potuluka sanandiyang'ane. Tikubwerera kunyumba ndinaona kamfundo pa ngodya ya nsalu yawo, kooneka kuti amangamo nsawa ziwiri. Anadziwa kuti ndakaona.

"Ndaponya ya Dorika," anatero, "ndi ziwiri za m'makoko za kwa Rabeka. Yako sindinaponye, akuti wapitirira msinkhu. Koma ukamuuze wa bukuyo kuti ulipo. Umuuze wekha, ine sindinanene."

"Nanga izo mwamangazo?"

Anagwira kamfundo kaja ndi zala ziwiri. "Awa safuna benchi. Ndidzawadzala kuseri kwa nyumba mvula ikagwa."

Zaka zitatu ndinkaganiza kuti kumigodi ndiko kudandifafaniza, poti kumeneko sindidali m'buku. Sindidadziwe kuti kwathunso mulibe dzina langa, ndipo kuti amayi adandibisa dala monga amabisira mbewu kudenga kuti anankafumbwe asaipeze. Mudzi uno sukutha. Ndainyamula nsengwayi kuchokera kwa a Nambewe, ndipo ikulemera kuposa mmene ndimaganizira.

Sindinaitsegule, ndipo sindiitsegula. Sindikudziwa ngati akuluakulu a khonsolo angalandire nsawa ngati umboni. Mwina akaseka. Ndatenganso kabuku kanga kakale ka maina, koma a Nambewe andilangiza kuti ndikangowawerengera a Tembo ndi pakamwa, asakaike nambala pambali pa dzina la mwana wa munthu.

Mawa ndidzuka tambala woyamba, ndisenze nsengwa, ndikafike ku Chadiza belu la sukulu lisanalire. Ndikagogoda pa ofesi ya a Tembo ndekha, osadikira kuti azakhali andiperekeze. Ndikakhuthula nsawazi patebulo pawo kuti awerenge okha, zosenda mbali iyi, za m'makoko mbali iyo. Akamaliza ndikawapempha kuti atsegule tsamba la nyumba ya amayi, ndipo ndikanena mokweza kuti amve kamodzi kokha: "Dzina langa ndine Zelipa, bambo. Ndidapita, koma ndabwera."