Mpira wa Amalume ndi Chala cha Aphunzitsi

M'sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa malisiti a msonkho, makadi a kuchipatala ndi mapepala a ubatizo a ana anga onse, muli mpira wokulungidwa m'kansalu. Kukula kwake ngati lalanje. Ndi wachikopa, wolimba gwa, wosokedwa ndi ulusi womwe kale unali wofiira, ndipo msoko wake umaoneka ngati minga ya nsomba. Chilichonse m'sutikesimo chili ndi pepala lochichitira umboni. Mpirawu wokha ulibe, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Mipirayi inali iwiri. Amalume, alongo awo a amayi, ankaphikira mzungu wina wa ku Amereka amene ankaphunzitsa kufupi ndi ku Chiringa. Mzunguyo ankasonkhanitsa timipira ta masewera a kwawo, aja omenya ndi chibonga, n'kumangotiyala pa shelefu osatisewera. Pobwerera kwawo anawasiyira amalume iwiri. Pa yonse panali mayina ofanana, a anyamata a timu ina yomwe inapambana chaka china. Koma umodzi anyamatawo anaugwira okha m'manja, aliyense n'kulembapo dzina lake ndi cholembera. Winawo unali wa m'sitolo, mayina omwewo atangodindidwa ndi makina kuti agulitse kwa anthu ambiri.

Ntchito yophika itatha, amalume analembetsa ulendo wa ku migodi ku Joni. Asananyamuke anandikhazika pakhonde n'kundifotokozera zambiri: mmene cholembera chimalowera m'chikopa, mmene mayina olemba pamanja amakwerana, ena akuda kwambiri, ena osaoneka bwino. Ine ndinali kamwana ka Sitandade 3, maso ali pa nsapato zawo zatsopano. Chomwe ndinagwira n'chakuti weniweni unali wachikasu, wa m'sitolo unali woyera mbee. Ndinagwiranso mawu awo omaliza: "Woyerawu aliyense angathe kuugwira. Wachikasuwu usatuluke m'nyumba muno. Ndiwe mwana wa mlongo wanga, usamale."

Bambo anali atamwalira kale. Amalumewo ndiwo anali mutu wathu, ndipo mawu awo sankagwa pansi.

Dzinja la chaka chimenecho mvula inkatsika kuchokera ku phiri la Michesi osapuma. Zipupa zinanyowa, chiswe chinakwera mpaka kudenga, lamba wakale wa amalume anamera nkhungu. Tsiku lina amayi anapeza timadontho tobiriwira pa mipira ija. Anachita zomwe mayi aliyense wa kwathu akadachita ndi chinthu chamtengo wapatali. Anaiika m'kadengu n'kuipachika kukhitchini pamwamba pa moto, pamalo pomwe pankakhala chimanga cha mbewu chomwe tinali titadzala kale. "Utsi susiya kachirombo," anatero. Amayi sindiwaimba mlandu. Mbewu yathu inkapulumuka choncho chaka ndi chaka.

Patapita masabata ndinakwera pa mtondo n'kutsitsa kadenguko. Ndinasuzumiramo. Nkhungu inali itathadi, koma mipira yonse iwiri inali itafiira ngati fodya wouma, ikununkha mwaye. Wachikasu kunalibe, woyera kunalibe. Ndinathamangira nayo padzuwa, kuitembenuza, kuiyandikiza kumaso. Mayina ankaoneka mwa apo ndi apo pansi pa mwaye, ofanana ngati mapasa.

Kuyambira tsiku limenelo mtendere unandithawa. M'kalasi ndinkaona mipira pa bolodi. Kumunda popalira ndinkadula chimanga m'malo mwa udzu. Ndinkayesa kukumbukira zomwe amalume ananena pakhonde paja, koma m'mutu munkangobwera nsapato. Kupukuta ndinkaopa. Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho chiyembekezo chawo chonse chinali pa ine. Ndikabwera kusukulu ankandifunsa motsitsa mawu, "Waudziwa?" Ndikapukusa mutu ankabwerera ku mtondo.

Kenaka aphunzitsi athu anamva za mipirayo. Anabwera kunyumba pa njinga kudzabwereka wa m'sitolo uja, kuti akauonetse pa tsiku la makolo. Masiku amenewo mphunzitsi sankakanizidwa kanthu. Amayi anawayalira mphasa, n'kugwada chapatali, n'kuulula kuti sitikudziwanso kuti wa m'sitolo ndi uti. Aphunzitsiwo anaseka. "Zosavuta zimenezo, mayi. Inki ya cholembera imaopa madzi."

Ananyambita chala chachikulu n'kupukuta pa mpira woyamba. Mwaye unachoka, dzina linatsala lili chilili, lakuda bii.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawira mpaka lero. Mipira inali iwiri yokha! Ngati uwu inki yake sinasunthe, ndiye kuti wa m'sitolo wapezeka, nkhani yatha. Mwana wa Sitandade 1 akadadziwa zimenezo. Koma munthu uja ankafuna kuti tione nzeru zake. Anatenga wachiwiri, ananyambitanso chala, n'kupukuta. Dzina linasungunuka. Anapukutanso chapambali kuti atsimikize, mayina ena n'kusakanikirana kukhala chibanga chimodzi chobiriwira ngati chilonda. "Mwaona?" anatero akumwetulira. "Weniweni ndi uwu."

Anapukuta chala chawo pa udzu, anaika wa m'sitolo m'thumba, n'kukwera njinga. Anaubweza bwinobwino tsiku la makolo litapita, ndi zikomo wambiri. Za winawo sanatchulepo. Mdzukulu wanga anayang'ana pa foni chaka chatha, akuti osonkhanitsa mipira yotere safuna kumva nkhani za pakamwa, amafuna pepala, ndipo wofufutika mayina sauwerengera. Ndinamuuza kuti sindinamutume kukautsatsa.

Chimanga chitayamba kuuma kunabwera uthenga woti amalume ali m'njira. Amayi anasiya kudya bwino. Ankasinja akudzilankhulira m'Chilomwe, chinenero chomwe ankachisungira mapemphero ndi mantha. Ine ndikamva belu la njinga kumsewu ndinkathawira kuseri kwa nyumba. Ndinkafunsa mumtima kuti atithamangitsa kapena angosiya kutilankhula, ndipo sindinkadziwa choopsa kwambiri n'chiti.

Anafika ataonda, akutsokomola. Atapuma anakhala pakhonde pomwe paja n'kuitanitsa mipira yawo. Amayi anabwera nayo m'kadengu n'kugwada. "Achimwene," anayamba, koma amalume anakweza dzanja.

Anatenga wa m'sitolo, anauyang'ana pang'ono, n'kuuika pambali. Kenaka anatenga wofufutika uja. Anautembenuza pang'onopang'ono, chala chawo chikuyenda pa mayina otsala, chikuima, chikuyendanso. Anakhala nawo nthawi yaitali. Nkhuku zinkapalasa pabwalo.

"Uwu ndi wa m'sitolo uja," anatero potsiriza. "Taonani inki yake. Makina a azungu nawonso amanama." Anandiponyera. "Tenga, uzisewera." Winawo anauika m'thumba la jekete n'kuligunda kawiri. "Wanga mwausunga bwino, achemwali. Utsi wauthandiza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze. Amalume anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kundituma kukawatungira madzi akumwa.

Madziwo ndinakatunga, kenaka ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe n'kulira ndi ukali. Ndinkati migodi yawadya nzeru amalume. Munthu yemwe anandiphunzitsa yekha kusiyanitsa weniweni ndi wodinda, lero wanyamula wa makina n'kundiponyera ine weniweni ngati chiguduli! Ndinalumbira kuti sindidzausewera, ndipo sindinausewerepo.

Ndili kuseriko ndinamva amayi akuseka kukhitchini, kuseka komwe ndinali ndisanakumve dzinja lonse. Tsiku limenelo anadya mpaka kupala mbale. Ine ndinangoti akusangalala poti alongo awo abwera. Sindinafunse chifukwa chomwe chala cha amalume chinachedwera chotero pa mpira womwe iwo eni ankati ndi wa m'sitolo.