Mfuti Imene Inagona M'nyumba

Kumtunda kwa mtsinje wa Koyukuk, ku Alaska, mfuti ikavuta anthu ankangoti, "Kaisiyeni kwa a Wendell." A Wendell Koskela anabwera m'mudzimo ali mnyamata kudzakonza injini ya magetsi, nakwatira Velma, mwana wa mayi Agnes, basi kwawo kunaiwalika. Kwa zaka makumi atatu ankakonza mfuti za eni ake m'kashedi kuseri kwa nyumba, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka. Aliyense wodzatenga mfuti ankalandira ulaliki womwewo: nyengo yozizira mfuti imagona panja. Ukailowetsa m'nyumba yofunda imachita thukuta, ukatuluka nayo thukutalo limaundana m'kati, ndiye kuti wanyamula ndodo chabe.

Yawoyawo anaipanga zaka zitatu. Mpope wotulukira chipolopolo anaitanitsa kutali, thabwa lake anasema okha mpaka linakwana paphewa ngati anabadwa nalo. Inali ya nyama zikuluzikulu, zimbalangondo ndi muusi, chinyama chija chotalika kuposa hatchi. Kukongola inali yokongoladi. Kungoti ankaipukuta kwambiri kuposa kuiombera, moti Velma ankaitchula kuti mkazi wamng'ono.

Mayi Agnes anamwalira mu Januwale. Pamaliro pamafunika nyama ya muusi yatsopano kuti mudzi wonse umwe msuzi wake, ndipo okaisaka ndi a banja. Anakonzeka awiri, a Wendell ndi alamu awo a Cecil. A Cecil atatulukira ndi mfuti yawo yakale yomangamanga ndi tepi, a Wendell anaseka.

"Alamu, imeneyo ndi mfuti kapena chosonkhezera moto? Isiyeni, nyama ingatiseke."

"Chosonkhezera motochi chakudyetsani zaka zingati, inu?"

"Chonde alamu. Awa ndi apongozi anga. Ndiloleni ndiwagwirire ntchito imodzi yokha ndi manja anga."

Apo a Cecil anaikoleka mfuti yawo pakhonde, nanyamuka chimanjamanja.

Anakafikira m'kanyumba ka alenje, ulendo wa theka la tsiku. Madzulo a Cecil atagona, chipale chofewa chinayamba kugwa, ndipo a Wendell ataona chikuunjikana pathabwa losalala lija la mfuti imene anaisiya panja, mtima unawawawa. Anailowetsa. Ankati angoipukuta pang'ono n'kuitulutsa, koma moto unakoma, tulo tinawaba. M'mawa anaitulutsa msangamsanga alamu asanadzuke.

Muusi anamupeza dzuwa litangotuluka, m'misondodzi ya m'mbali mwa mtsinje. Muusiyo anaima chapafupi, akuwayang'ana, osathawa. Nyama ikatero, akuluakulu amati yadzipereka. A Wendell analozetsa, nakoka kachitsulo koombera. Zii. Anasintha chipolopolo, nakokanso, ndipo kanangomveka kaphokoso ngati kothyola machesi. Kamsomali komenya chipolopolo kanali kataundana. Muusi anadikirabe pang'ono, kenaka anatembenuka n'kulowa m'nkhalango, osafulumira n'komwe.

"Mfutiyi inagona kuti?" anafunsa a Cecil motsitsa mawu.

A Wendell anangoyang'ana nsapato zawo.

Anaifunditsa m'jekete mpaka inamasuka, natsata mapazi tsiku lonse, koma mphepo inakwirira mapaziwo. Maliro sadikira mlenje, choncho anabwerera.

Anthu anasonkha nyama yakale ya m'mafiriji. Msuzi unalipo, koma lilime silinamizika. M'holo yodyeramo, mkulu wina anafunsa a Cecil kuti ulendo unatha bwanji.

"Sinadzipereke, amalume. Zimachitika."

Anthu anagwedeza mitu, pakuti zikatero palibe amene amaimba mlandu mlenje. Velma anagwira dzanja la mwamuna wake kuwatonthoza. Koma a Wendell ankadziwa chimene chidzanong'onedwe m'nyumba za anthu: nyama inakana maliro a mayi Agnes, mwina pali chimene malemuwo analakwa. Mayi amene kwa zaka makumi atatu sanawatchulepo mlendo, lero azisenza manyazi a mkamwini ali m'bokosi?

A Wendell anaimirira.

"Ayi, amalume. Inadzipereka. Inaima n'kundidikira kawiri konse. Ine ndi amene ndinagoneka mfuti m'nyumba."

Amuna ambiri m'holomo anali atamvapo ulaliki uja, ena kakhumi. Akanaseka bwenzi zili bwino, koma palibe anaseka. Velma anawayang'ana nthawi yaitali, nanyamuka kukathandiza amayi anzake kugawa msuzi.

Mfuti za eni ake akukonzabe mpaka lero, ndipo dzanja lawo silinasinthe. Mlenje akabwera kudzatenga yake, amamupatsa mwakachetechete. Yawo ija ili pakhonde, chilimwe ndi chisanu chomwe, thabwa lang'aluka, ndipo Velma sanaitchulenso mkazi wamng'ono.