Mwendo Wamanzere wa Teyo Canario

Lachiwiri m'mawa, ofesi ya timu ya ku Pine Ferry yosewera besibo, masewera omenya ndi ndodo mpira woponyedwa, inadziwitsa dziko lonse, kudzera pa kapepala komata pachitseko cha chipinda chovalira, kuti wowakha mpira Eleuterio Canario waikidwa m'gulu la ovulala chifukwa mnofu wa mwendo wake wamanzere wakokeka. Ofesiyo inati nkhaniyi yaikhudza kwambiri. Inakumbutsanso onse kuti m'banja lalikulu la timuyi wovulala sachotsedwa ntchito, amasamalidwa mpaka atachira.

Mwini mwendo anaimva nkhaniyi atangomaliza kukwera masitepe mothamanga, thumba la mipira lili paphewa.

"Mdala Teyo, pepanitu ndi matenda," anatero Wandel, mnyamata woponya mpira, akuseka m'kamwa muli buledi wopaka chiponde. "Wayamba liti?"

Teyo anaweramira kapepalako. "Akuti dzulo."

"Uti?"

"Wamanzere."

"Mwezi watha suja unali wamanja?"

"Unachira. Ofesi inoyo ili ndi mankhwala amphamvu, mphwanga. Amachiza ndi makina osindikizira."

Matenda a Teyo sanali ovuta kuwamvetsa. Timu yaikulu ya kumzinda, ija imaoneka pa kanema, ili ndi nazale yake: timatimu ting'onoting'ono m'matauni oiwalika, momwe imafesa anyamata n'kumadikira kuti amere. Pine Ferry linali bedi limodzi la nazaleyo. Lamulo limati bedi lililonse likhale ndi osewera ochuluka mwakuti, osapitirira. Ndiye ikabwera mbande yatsopano, wina ayenera kupereka malo. Kumuchotsa Teyo sakanatha, chifukwa anyamata oponyawo amafuna munthu woti aziwakha mipira yawo tsiku ndi tsiku kumbali kwa bwalo, mkati mwa waya muja amati kukhola. Kumuseweretsa sankafunanso. Choncho ankamudwalitsa. M'zaka zake za ku nazale Teyo anadwalapo msana, bondo, phewa, khosi, ndi miyendo yonse iwiri mosinthanasinthana, ndipo sanajombepo ntchito tsiku ndi limodzi lomwe.

Anabadwira ku Yaguate, kumene nzimbe zimayambira pakhonde la nyumba. Bambo ake ankadula nzimbezo. Iye ankawakha tizivindikiro ta mabotolo ndi katoni ya mkaka yopinda, mpaka tsiku lina munthu wovala wotchi yagolide anauza mayi ake kuti mwana uyu ali ndi manja, sukulu ingomuchedwetsa. Manja analidi nawo. Chilimwe chimodzi chokha nayenso anali mbande: dzina lake linkatchulidwa m'maofesi, anamujambula atagwada ndi bondo limodzi, akumwetulira ngati wafika kale. Kenako zinapezeka kuti mpira wokhota satha kuumenya, ndipo akuluakulu anasiya kumuthirira. Sanamuzule ayi. Anamusandutsa kamtengo kaja amazika pambali pa mbande kuti iziyedzamira.

Tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, zomwe ku nazale ndi ukalamba woyendera ndodo. Zala zake zinali zokhota ngati mizu ya chinangwa. Ntchito yake yolembedwa inali kuwakha. Zosalembedwa zinali kuphikira anyamata mpunga ndi soseji ya salami m'kanyumba komwe onse ankagona pa matiresi opopa, kuwaphunzitsa kuitanitsa chakudya china osati nkhuku yokhayokha, kukhala pambali pa amene akulirira amake m'basi, ndi kutsimphina akangoona mlendo wovala jekete. Analinso womasulira. Nthawi ndi nthawi kunkabwera Mkulu Woona za Kukula kwa Osewera, mnyamata wa kabudula wosita bwino, amene chibadwire sanawakhepo kanthu kolemera kuposa foni, ndipo Teyo ankaima pambali pake kutembenuza Chingerezi kupita m'Chisipanishi.

"Pano aliyense ali ndi njira yake yopitira kumwamba," ankatero Mkuluyo, dzanja lili pamtima. "Sitiona zaka. Sitiona kumene munthu wachokera. Ndife banja limodzi."

"Akuti chiyani, mdala?" anyamata ankafunsa.

"Akuti muzidya masamba."

Lachitatu masana foni ya Teyo inalira. Anali Don Arcadio, nkhalamba yofufuzira osewera timu ina ya ku Mexico, dziko limene munthu wa msinkhu wa Teyo amatchedwabe wosewera, amavala chigoba kumaso pamaso pa khamu, ndipo mkazi wake amatha kukhala naye m'nyumba ya chitseko chakechake. Teyo anakhala akumunyengerera munthuyu kuyambira chaka chatha.

"Ndaiona mbiri yako, mwana wanga," anatero Don Arcadio. "Msana, bondo, phewa, mwendo uwu, mwendo uwo. Apongozi anga ali ndi thupi lolimba kuposa iwe, ndipo tinawaika m'manda mwezi wa Malichi."

"Ndi matenda a papepala, Don Arcadio."

"Onse amatero. Ine sindigula galimoto imene ndangoiona ili pamiyala. Ndidutsa kwanuko Lamlungu. Ndikakupeza utanjuta kumbuyo kwa womenya mpira masewera onse, ndione mkono wako ukuponya mpaka kukona yachiwiri ya bwalo, tidzanyamukira limodzi. Ndikakupeza kukhola, ndidya soseji yanga n'kumapita."

Teyo anatsitsa foni. Matenda amene anawalandira chifukwa chomvera, amene anawatsimphinira mokhulupirika pamaso pa alendo, anali atamutsatira mpaka kutsidya kwa malire, ndipo kumeneko ankawakhulupirira.

Analowa m'kaofesi ka Kochi Stuckey osagogoda. Stuckey anali munthu wofiira khosi, wotafuna njere za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko m'kapu. Nayenso anakalambira ku nazale, ndipo anaphunzira kuti mvula imachokera kumzinda.

"Kochi, ndikufuna kuchira."

"Wangodwala dzana, Teyo."

"Ndichire Lamlungu. Tsiku limodzi. Kukubwera munthu kudzandiona."

"Ukufuna kutithawa?"

"Ndithawa bwanji, Kochi, mwendo uli chonchi?"

Stuckey anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha. Analavula khoko. "Ukudziwa kuti si ine ndimalemba timapepalati."

"Koma ndinu mumatimata. Mwandithyola msana ndinavomera. Mwandipotokola khosi ndinati zikomo. Ndakulererani ana anu oponyawa, ena ali pa kanema pano, sandiyankhanso foni. Sindinapemphepo kanthu. Ndikupempha Lamlungu."

Stuckey anaimba foni kumzinda, natembenukira kukhoma, nanena "inde bwana" kangapo. Atamaliza anati, "Akuti ndiwe chitsanzo cha munthu wa timu. Akuti Lamlungu uchira. Akubweranso okha Loweruka kudzaona Wandel."

Wandel ndiye anali mbande ya chaka chimenecho. Anali wa ku Baní, kufupi ndi kwawo kwa Teyo, wamtali ngati nsungwi, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mkono wake ukutulutsa mpira ngati mwala wa legeni. Timu inkausamala mkonowo ngati dzira. Unali ndi malaya akeake ofunda, madzi akeake oundana, ndi munthu wowerenga kuti lero waponya kangati. Mwini mkono ankagona pansi pafupi ndi Teyo, ndipo ankaopa mabingu.

Kukhola kuli mwambo umodzi umene aliyense amaudziwa asanamere ndevu. Woponya asanaponye amauza wowakha, ndi golovesi yake, mpira umene ukubwera. Akaikankhira kutsogolo, ukubwera wowongoka, wamoto. Akaigudubuza, ukubwera wokhota, umene umafika mofatsa n'kugwera m'dothi, ndipo wowakha amagwada, n'kutsitsa dzanja lake lamanja, lopanda chovala, pafupi ndi golovesi kuti autchinge. Moyo wa zala za wowakha uli pa kachizindikiro kameneko.

Loweruka dzuwa lili paliwombo, Mkulu Woona za Kukula kwa Osewera anaima kuseri kwa waya ndi anzake awiri, atagwira kachipangizo koyezera liwiro la mpira kamene anyamata amakatcha mfuti. Teyo, wodwala mwendo wamanzere, ananjuta pamalo pake. Wandel anaponya wowongoka, mfuti inanena zake, akuluakulu anagwedeza mitu. Anaponyanso, anagwedezanso, koma pang'ono. Wandel anaona kuchepa kwa kugwedezako. Anagudubuza golovesi, kusonyeza wokhota. Teyo anatsitsa dzanja. Ndiye ali mkati motukula mwendo, mnyamatayo anaona mfuti ikumuloza, mtima wake unasintha, naponya wowongoka ndi mphamvu zonse zimene amake anamubereka nazo.

Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu wathyola nzimbe pabondo.

"Mwaona nambala iyo?" anatero Mkuluyo kwa anzake, akuwaonetsa mfuti. Iwo anaiona, ndipo anasangalala nayo kwambiri.

Teyo anatola mpira ndi dzanja lamanzere, naugudubuzira kwa Wandel. Chala chake chachikulu chakumanja chinali chikuloza kumene chala sichiloza. Anachikoka yekha n'kuchibwezera, thukuta likutsika m'chigoba.

Wandel anamupeza kumpopi.

"Mdala, ndinaona mfuti ija, ndiye mutu unangoti..."

"Choka apa."

"Mdala Teyo, ndithu sindinafune."

"Ndati choka, galu iwe. Pita ukaike mkonowo m'madzi oundana. Si wako, ndi wa timu. Ukautenthetsa akulipiritsa."

Wosamalira matupi a osewera anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali osachigwira. Chinali chitatupa ngati biringanya. Anati mwina ndi kubinya chabe, koma iye si dokotala, ndipo anapita kukanong'oneza Mkuluyo. Posakhalitsa Teyo anaitanidwa m'kaofesi ka Stuckey. Munali Stuckey, wosamalira matupi uja, ndi Mkuluyo atakhala pakona ya tebulo, nkhope yodzaza chifundo.

"Eleuterio," anatero Mkuluyo, amene yekha ankatchula dzina lonse, ndipo ankalilakwitsa. "Tamva kuti mpira wakugunda. Thanzi lako ndi loyamba kwa ife. Ngati dzanja lavulala, tingolemba, ukhalebe m'gulu la ovulala, tikusamale mpaka uchire. Mawa supita m'bwalo, basi. Koma ngati uli bwino, tiuze pamaso pa anzathuwa, mawa tikutulutse m'gululo monga tinalonjezera. Zili ndi iwe. Sitikakamiza munthu pano."

Teyo anayang'ana Stuckey. Stuckey anali akuwerenga makoko m'kapu mwake.

Zaka zonsezi ankamuuza chimene chikumupweteka osamufunsa. Lero, tsiku loyamba limene chinachake chinkamupwetekadi, anamufunsa mwaulemu, pamaso pa mboni. Anaona msampha, poti sanali mwana. Koma kuseri kwa msamphawo kunali Don Arcadio ndi soseji yake, ndipo Don Arcadio sadutsa kawiri. Anaganiza kuti akachimanga zolimba ndi tepi, akameza mapiritsi, akhoza kuponya kawiri kapena katatu mano atawaluma.

"Ndili bwino."

"Dzanja lili bwino?"

"Lili bwino."

"Nanga mwendo?" anafunsa Mkuluyo, ndipo sanali kuseka.

"Mwendo wachira, bwana. Mwausamala bwino."

Lamlungu m'mawa Teyo anafika msanga, chala chili m'tepi, naona kuti pamalo pake pakhala munthu. Anali mwana wa tsitsi lachikasu, wongotuluka kumene kukoleji, akumasula zotchingira miyendo zatsopano m'pulasitiki. Mwanayo anaimirira mwaulemu n'kufunsa ngati Teyo ndi amene amachapa zovala.

M'kaofesi muja, Stuckey sanamuuze kuti akhale pansi. Anati lonjezo lasungidwa, Teyo watulutsidwa m'gulu la ovulala. Koma poti tsopano ndi wosewera wathanzi, bedi ladzaza mopitirira lamulo, ndipo kumzinda aganiza. Anati zimenezi sizikukhudza umunthu wake, umene aliyense amaulemekeza.

"Masewera amodzi, Kochi. Munthu ali panjira."

"Sungavale yunifomu, Teyo. Sulinso wathu."

"Munadziwa dzulo."

"Ine sindilemba timapepala."

Teyo anatenga kapu ya makoko ija ndi dzanja lamanzere, naikhuthulira pa tebulo pang'onopang'ono, malovu ndi zonse, naibwezera pamalo pake bwinobwino. Mwina inali nkhani yokhayo yoona imene inakambidwapo m'kaofesi kameneko.

Don Arcadio anamupeza poimika magalimoto, chikwama chili paphewa. Anali nkhalamba yaifupi ya chipewa choyera, soseji ili kale m'dzanja.

"Canario? Bwanji uli kuno anzako akuvala?"

"Andimasula, Don Arcadio. Ndine wathanzi, alemba okha. Nditengeni mukandiyese kwanu."

Nkhalambayo inamuyang'ana kuyambira kumapazi. Inamuuza kuti anjute, ananjuta. Inamuuza kuti adzuke, anadzuka ngati mphaka. "Miyendo ndi yabwinodi," inatero modabwa. "Amanama anthuwa eti. Chabwino, bwera nalo dzanja."

Teyo anapereka dzanja, poti mwamuna sakana dzanja la amene akumulemba ntchito. Don Arcadio anafinya monga amafinyira amuna a kwawo. Teyo sanakuwe. Koma nkhalambayo inamva chinthu chikusuntha pansi pa tepi. Inasiya dzanjalo, niliyang'ana, nipukuta zala zake pa thalauza.

"Ichi ndiye sichinalembedwe," inatero. "Pepa, mwana wanga. Ukachira undiimbire." Sinanene kuti idzayankha.

M'bwalo nyimbo inali itayamba. Kukhola kunkamveka mpira wa Wandel ukulira m'golovesi ya mwana wa tsitsi lachikasu uja.

Lolemba, ofesi ya timu ya ku Pine Ferry inamata kapepala kena pachitseko chomwechija. Kanati Eleuterio Canario wachira kwathunthu ku vuto la mwendo wamanzere, chifukwa cha khama la achipatala a timuyi, ndipo wamasulidwa ali wathanzi kuti akafunefune mwayi wina. Kanati khomo la banjali lidzakhala lotseguka kwa iye nthawi zonse.

Dokotala wa ku San Cristóbal, kufupi ndi kwawo ku Yaguate, amene anajambula dzanjalo patapita milungu itatu, anapeza kuti chala chinathyoka malo awiri ndipo chayamba kale kulumikizana mokhota.