Mzere Umene Sindinawerenge Pamanda a Atate

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pasimenti pakati pa amayi anzanga. Akwaya anali atasasa mawu, ena akusinza chokhala. Panja amuna anali atazungulira chitsa chamoto, mphepo ya Juni ikuwakwapula kumsana. Linali tsiku loika atate kumudzi kwathu ku Nkomeshya.

Atate anagwa Lolemba m'dimba la repu, pakamwa patapotoka, ndipo sanalankhulenso. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, bipi. Koma pamoto paja nkhani inali ina. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa atate yemwe watsala yekha, ankawerenga pazala: agogo anagwa chomwechi, azakhali chomwechi, lero achimwene awo. Kwa iwo ameneyu anali munthu wolodza basi, ndipo wotsatira ndi iwo. Ankanena izi akudzisisita kumbuyo kwa khosi, fodya wopichira ali pakamwa. Mantha awo anali oona, kungoti ankayang'ana kolakwika, ndipo ine ndinkaopa kuti tibweranso kudzawaika mvula isanagwe.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena pa minibasi kuchokera ku Chalimbana, a ku tauni atavala magalasi akuda ngati kuli dzuwa la Okutobala. Kumafuwa ndinaona mayi wina akuthira mchere wodzaza manja awiri mumphika wa kabichi, wina n'kubwera kudzawonjezera osalawa. Ndinangoseka chamumtima. Umenewo ndiwo mtundu wathu. Atate ankathira mchere ngakhale pa kapenta wouma.

Ine ndinapatsidwa pepala la mbiri yawo kuti ndikawerenge kumanda. Kwathu mbiri imatha ndi mzere umodzi, woti malemu anadwala kwa nthawi yochepa. Matenda satchulidwa. Bambo aang'ono anandiuza kuti ndiwerenge zolembedwazo, ndisawonjezere zanga za kusukulu.

Bokosi linakwera pa galimoto ya kanta, ife tikutsatira pansi m'fumbi, amayi a chigwirizano akuimba pang'onopang'ono. Kumanda ndinawerenga bwinobwino za kubadwa kwawo ku Katete, za ukwati, za ana asanu. Nditafika pa mzere uja, sindinauwerenge. Ndinapinda pepala.

Ndinanena kuti atate sanadwale nthawi yochepa. Anawapeza ndi bipi zaka zinayi zapitazo, ndipo anasiya mapilisi atangomva bwino, akuti mankhwala ndi a odwala. Ndinanena kuti matendawa amayenda m'magazi a banja, ndipo mchere, fodya, mowa ndi ukalamba zimawapatsa mphamvu, munthu akuyenda osamva kanthu. Ndinaululanso zanga: ndinawagulira kamakina koyezera bipi, n'kubwerera kwanga ku Silverest ndikudzitama kuti ndine mwana wabwino, osafunsa ngati akukagwiritsa ntchito. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Wina anatsonya kumbuyo. Bambo aang'ono anayang'ana nsapato zawo mpaka nkhata zamaluwa zinatha kuikidwa, ndipo pobwerera anandidutsa ngati sandidziwa. Ndinaganiza kuti ndawachititsa manyazi pachabe. Komabe posamba m'manja pakhomo, amayi awiri anandikokera pambali kudzafunsa tsiku limene amayeza kukiliniki.

Madzulo anthu anabalalika. Mipando ya kutchalitchi inabwezedwa, pabwalo panatsala phulusa ndi udzu wopondedwa. Amayi anagona msanga. Ndikusesa pabalaza ndinamva kutsokomola pakhomo. Anali bambo aang'ono, chipewa chili m'manja.

"Iwe mwana, kaja kamakina kakaliko?"

Ndinakapeza pamwamba pa kabati, kali m'katoni yake, pulasitiki yosachotsa. Anakhala pa mpando wa atate n'kupinda okha mkono wa malaya. Kamakina kanalira, lamba anafufuma, ndipo nambala imene inatuluka sinali yabwino ngakhale pang'ono. Ndinawauza mosabisa. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye uyu ndiye wamene anatenga achimwene?"

"Ni yemweyo, atate. Koma uyu ali na mankhwala."

Anatsitsa mkono wa malaya n'kumanga batani. Kenaka anandifunsa kuti minibasi yoyamba yopita kuchipatala ku Chongwe imadutsa nthawi yanji, ndipo anati ndiwadzutse, asagonereze.