Masamba a Tiyi pa Mikono Yanga

Amuna anga anali ndi kampeni kamene ankakasamala kuposa ine. Ine ndinkagona pamphasa, iko kankagona m'kachitini, kokulungidwa bwinobwino m'kansalu ka mafuta.

Ankagwira ntchito pa fakitale ya tiyi pa esiteti ina m'munsi mwa phiri, cha ku Chinakanaka. Masiku amenewo tiyi ankalongedzedwa m'mabokosi a matabwa opyapyala, ndipo bokosi lililonse linkafuna zilembo zake: dzina la esiteti, mtundu wa tiyi ndi kulemera kwake. Amuna anga ankaboola zilembozo pa chikatoni chopyapyala chimene ankachitcha sitensulo. Anyamata olongedza ankangochisanjika pa bokosi n'kupaka inki pamwamba, zilembo n'kutsalira pa thabwa.

Kampeniko anabwera nako mzungu wina wokonza makina kuchokera ku Joni. Kanali ngati cholembera, koma kunsonga kwake kunali kalumo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kozungulira kokha. Sukakankha ayi, umakakoka. Kalumoko kamatsalira m'mbuyo n'kumatsatira dzanja ngati mbuzi pa chingwe. Ukafika pokhota umaima pang'ono, n'kupepuza dzanja kuti katembenuke, apo ayi kamalowa pansi n'kung'amba. Ndipo luso lenileni linali kudula pepala la pamwamba, la pansi osalikanda n'komwe. Ndimazidziwa zonsezi chifukwa ndinkazimva m'mawa, masana, ngakhale pakati pa chakudya.

Kampeni kameneko ndi kamene kanatipatsa nyumba. Sitinkakhala pa layini ya othyola tiyi ayi. Yathu inali ya njerwa, ya malata, mpopi uli pafupi, sukulu ya pa esiteti ikuonekera pakhomo. Ine ndinakulira cha ku Muloza m'nyumba yaudzu yodontha, ndipo ndili mtsikana ndinathyolako tiyi, dengu lili kumsana mvula ikundithira. Nyumba ija ndinkaikonda, sindibisa. Mwana wathu anali mmodzi yekha, wamkazi, ndipo ndinkafuna kuti akule osadziwa kulemera kwa dengu lija.

Masewera a pa mkono anayamba Lamlungu lina masana. Ine ndinkagulitsa nanazi pa msika wa Chinakanaka, iwo ali pa mowa kuseri kwa magolosale. Munthu wina anawatsutsa kuti palibe dzanja lingadule pepala losakanda za pansi pake. Ndinangomva akundiitana.

"Amake mwana, tabwerani kuno mutibwereke mkono."

Anatenga pepala loyera lopyapyala lija amayala m'kati mwa mabokosi a tiyi, n'kulinyowetsa pang'ono ndi mowa kuti limate pa mkono wanga. Kenako anakoka kampeni kaja. Ndinangomva ngati nyerere ikundiyenda. Atanyamula pepala lija, linatuluka masamba awiri a tiyi ndi kansonga pakati, monga mmene othyola amathyolera. Mkono wanga unalibe ngakhale kamzere. Anthu anawomba m'manja, mowa unabwera wokha, ndipo ine ndinabwerera pa nanazi zanga ndikuyenda monyada. Ndinali chitsiru chosangalala.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse mkono wanga unkafunika. Nayenso tcheyamani wa chipani wa dera lathu ankabwera kudzaonera. Ankawakonda amuna anga chifukwa ndi amene ankamudulira zilembo za pa nsalu zolandirira akuluakulu. Anyamata otsekereza anthu pa msika kufuna makadi a chipani, ife ankangotipatsa moni. Zinali zokoma, koma zinatanthauzanso kuti tsiku lodzadandaula ndinalibe kopita.

Dzanja lawo linayamba kunjenjemera mwana wathu ali m'kalasi lachitatu. Woyamba kuona ndinali ine. M'mawa kapu ya tiyi inkalira pa mbale asanaifikitse pakamwa. Kachasu anali atayamba kuwadya. Ku fakitale nako kunabwera mnyamata wa ku Blantyre, ati kudzawathandiza, koma aliyense ankadziwa chimene ankadikira. Ndiye poti kapitao woyang'anira olongedza ankamwera pamalo omwe aja, masewera aja anasiya kukhala masewera. Unali umboni wa mlungu ndi mlungu woti dzanja likadalipo.

Tsiku limene anandicheka koyamba, kalumo kanakana kutembenuka pamene tsamba limakumana ndi phesi. Ndinamva moto. Iwo nkhope sinasinthe. Anaika chala chachikulu pamenepo, n'kuwerama ngati akuuzira pepala.

"Ukalira, nyumba yapita. Seka."

Ndinaseka. Bala la lumo silitulutsa magazi nthawi yomweyo, limayamba layera kaye. Kanthawi kameneko kankandikwanira kukweza mkono, kuuzunguza anthu aone, n'kuubisa m'chitenje. Ndinapita kuseri kwa nthochi n'kufinyirapo masamba a chisoso. Kuyambira tsiku limenelo Lamlungu ndinkavala chitenje chakuda.

Nzeru yobisa zipsera anaipeza okha, pajatu anali mmisiri. Anandigulira bulauzi ya manja aatali, mphatso yoyamba chikwatirane. Tinayambira kumtunda, pafupi ndi phewa, n'kumatsika pang'onopang'ono. Mlungu uliwonse ndinkapinda dzanja la bulauzi mochepa kuposa mlungu wathawo, nsalu n'kuphimba zakale, pansi pake n'kuoneka khungu losalala. Si masabata onse amene ankandicheka. Ena ankadutsa bwinobwino, ndipo madzulo ake ankandigulira kanyama. Masabata olakwika, tikafika kunyumba mlandu unali wanga.

"Unagwedezeka iwe. Umapuma ngati ng'ombe, dzanja la munthu lingakhazikike bwanji?"

Amayi anzanga a pa mpopi anaziona ndithu, poti munthu sungachape zovala manja a bulauzi ali otsitsa. Koma iwo anaona mphini. Anati ndinapita kwa sing'anga wa ku Milanje kukatemera mankhwala oti mwamuna asayang'ane kumbali.

"Anzathu inu, mpaka mkono wonse? Tiuzeniko sing'angayo, ifenso amuna athu akhale pakhomo."

Ankaseka mpaka kugwirana mapewa, ine n'kumaseka nawo. Kunali kosavuta kukhala mkazi wansanje kusiyana n'kukhala chimene ndinali.

Mkono wamanja utatha tinasamukira wamanzere. Apo m'pamene ndinakwera basi kupita ku Muloza kwa amalume, mwini mbumba wathu. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinagwada, n'kupinda manja onse awiri mpaka m'mapewa, n'kufotokoza. Anayang'ana nthawi yaitali, mpeni wawo uli m'manja.

"Amakumenya kodi?"

"Ayi, amalume."

"Nanga chakudya amakumana?"

"Ayi."

"Nanga timikwingwirima timeneti ndi timene wakwerera basi? Anzako tiyi amawacheka zala tsiku ndi tsiku, koma amagona m'nyumba zodontha. Bwerera, mwanawe, usatichititse manyazi kwa mkamwini waulemu."

Anandipatsa chinangwa choti ndikawapatse amuna anga, ndipo ndinachinyamuladi.

Khungu losalala linatha litafika pa mfundo ya dzanja lamanzere. Amuna anga anayesa kubwerera pa zipsera zakale tili kunyumba, koma kalumo kotsatira kaja kakapeza mzere kamalowa momwemo n'kusiya njira ya dzanja. Anaponya mkono wanga kumbali ngati nkhuni yonyowa.

"Khungu lako latha ntchito. Lili mizeremizere ngati munda, n'chifukwa chake kampeni kakusochera. Dzanja langa lilibe vuto."

Atatero anatembenukira mwana wathu, amene anali pakhomo akusewera ndi timiyala.

Mwanayo bambo ake ankawakonda koopsa. Ndi iye yekha amene ankaloledwa kudonthezera mafuta pa kalumo kaja. Za zipsera zanga ankadziwa zimene ankamva pa mpopi. Bambo ake atamuuza kuti Lamlungu likubwerali mkono ukhala wake, anadumphadumpha mpaka pa mpopi kukauza anzake. Loweruka anachapa yekha diresi lake la kutchalitchi, anakhula mikono ndi mwala, n'kudzola mafuta mpaka kunyezimira.

Masana a Loweruka lomwelo ndinawagwadira amuna anga kuseri kwa nyumba.

"Abambo ake, mwanayu musiyeni. Khungu lake n'lanthete. Tengani msana wanga, kulibe chipsera n'chimodzi chomwe."

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukavule pa msika? Ukufuna achipani akumange? Iwe nthawi yako yatha, usamuchitire nsanje mwana."

"Dzanja lanu likunjenjemera. Mukudziwa inunso."

Anandigwira chibwano, osati mwamphamvu, monga mmene munthu amagwirira mbuzi poiyang'ana mano.

"Nyumbayi umaikonda, eti? Sukulu ya mwana wakoyo umaikonda? Ndiye tseka pakamwa."

Lamlungu linafika, dzuwa lili phwee. Anthu anachuluka kuposa masiku onse chifukwa mbiri inali itamveka kuti lero ndi pa mkono wa mwana. Kapitao analipo, tcheyamani analipo. Amuna anga anayamba agugudiza kachasu pang'ono, ati dzanja likhazikike. Mwana anakhala pa benchi, miyendo yosafika pansi, n'kuyala mkono wake pa tebulo akumwetulira aliyense. Pepala linanyowetsedwa, linamata. Ine ndinaima kumbuyo kwake nditavala chitenje chakuda chija mwa chizolowezi.

Ndinayang'ana kalumo. Kanali m'mwamba, kasanakhudze pepala, koma kankavina kokha. Pansi pa pepalalo mitsempha ya mwana wanga inkaonekera, yobiriwira, pafupi zedi ndi khungu. Mantha amene ndinali nawo pa nyumba ija anachoka, panabwera ena aakulu kuposa amenewo.

Ndinamukoka mwana pa benchi paja. Ndinapinda manja a bulauzi mpaka m'mapewa, n'kuyala mikono yanga yonse iwiri pa tebulo, padzuwa.

"Akapitao, taonani ntchito ya amuna anga. Si mphini izi."

Kapitao anawerama n'kuyang'anitsitsa. Iye ntchitoyo ankaidziwa, ndiye sanafune womufotokozera. Chipsera chilichonse chinali chokhota ngati m'mphepete mwa tsamba, ndipo chilichonse chinkazama pamalo amodzimodzi, pamene kalumo kanakana kutembenuka. Anawongoka, n'kumaliza mowa wake.

Ndinkayesa kuti wina andimvera chisoni. Amene anayamba kulankhula anali bambo wina wa pa layini.

"Koma mayiwa ali ndi esiteti yawoyawo pa mkono. Tikathyole liti?"

Gulu lonse linafa nacho chiseko. Ankaseka amuna anga, ankasekanso ine. Tcheyamani anagogoda pa tebulo ndi ndodo yake.

"Mayi, valani bwino. Muli pagulu pano."

Amuna anga anakulunga kampeni kawo m'kansalu, manja akugwedezeka poyera tsopano, n'kuchoka osatembenuka. Zonsezo ndikanazipirira. Koma mwana wanga anadzimasula m'manja mwanga, pepala lija likadali lomata pa mkono wake, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, mwandilanda. Inali nthawi yanga. Inu munachita kambirimbiri, ine kamodzi kokha mwandikaniza."

Anathamangira bambo ake, n'kuwagwira dzanja lonjenjemera lija. Ndinabwerera kunyumba ndekha, ndikuwaona patsogolo panga.

M'mawa mwake kapitao anawapatsa amuna anga mapepala awiri osanjikiza kuti adule la pamwamba lokha. Anadula onse awiri. Mwezi usanathe thirakitala ya pa esiteti inatitula ndi katundu wathu m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, ndipo m'nyumba muja munalowa mnyamata wa ku Blantyre uja. Kwathu amalume anatiloza kanyumba kaudzu ndi kamunda ka miyala. Kwa ine sanalankhule mpaka dzinja linatha. Amuna anga khasu linawakanika, nawo ukamwini unawakanika. Tsiku lina anawoloka malire kupita ku Milanje, nkhondo ya kumeneko ili m'kati, ndipo sitinawaonenso. Kachitini kaja anasiyira mwana wawo.

Sukulu inathera pomwepo. Atangosinkhuka, mwana wanga anayamba kuthyola tiyi, dengu kumsana, mvula ikumuthira, monga ine kale. Chimene ndinkaopa chija chinamupeza ndithu, ndipo iye amadziwa amene anachibweretsa. Pano ndi mayi wa ana ake. Kachitini kaja amakasunga m'sutikesi pamodzi ndi zovala za kutchalitchi. Akamauza ana ake za agogo awo aamuna amati dzanja lawo silinkaphonya, ankadula pepala pa khungu la munthu osamukanda, ndipo tinali ndi nyumba ya malata mpaka tsiku limene amayi anatsegula pakamwa pagulu. Amanena ine ndili pomwepo.

Chaka chatha ndinadwala mpaka kulephera kusamba ndekha, ndiye mwana wanga anabwera kudzandisambitsa. Amandisamala, pamenepo sindinganame. Kamdzukulu kanga kakakazi kanaima pakhomo la bafa katanyamula sopo, kakuyang'ana mikono yanga.

"Agogo, izi n'chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa, amake anayankha.

"Ndi mphini. Agogo akowa ankakonda asing'anga. Bweretsa sopoyo."

Anandigwira dzanja n'kuyamba kundipaka thovu kuyambira paphewa kutsika m'munsi. Mkono wake unali pambali pa wanga, wonenepa, wosalala, wopanda ngakhale kamzere kamodzi. Ndinauyang'ana mpaka anamaliza kunditsukuluza, kenako ndinamupatsa mkono winawo.